MULUNGU SAIWALA CHIPANGANO CHAKE

Phunziro la pa chaka cha Kristu Mfumu

Pa Lamulungu lotsiriza la chaka cha Eklezia timakondwerera Kristu Mfumu. Chaka chimenechi adachiyambitsa ndi Papa Pius XI mu 1925, ndipo Papa Paul VI adachiika pa tsiku limeneli mu 1969. Koma alipo ena pakati pathu amene amayimba nawo pakamwa pokha, mumtima akufunsa kuti: "Ngati Kristu alidi Mfumu, amakhala kuti pamene madzi a Rukuru akukokolola mpunga wathu? Adali kuti pamene chivomezi cha mu Disembala 2009 chidagwetsa nyumba kuno ku Karonga? Kodi Mulungu sadatiiwale?" Funso limeneli si lachilendo ai, pakuti Aisraele omwe adalifunsa. Tiyeni tione m'Malembo Oyera m'mene Mulungu adawayankhira, ndipo inu aphunzitsi mukafotokozere bwino ophunzira anu.

1. Mapangano ndi mafumu a anthu

Akuluakulu amati lonjezo ndi ngongole, koma ngongole zambiri za mtundu umenewu sizibwezedwa. Dziko lino la Angonde likudziwa bwino zimenezi. Mu 1887 Mlozi, wogulitsa akapolo amene adamanga linga lake ku Mpata, adadzitcha mfumu ya dziko lino, ndipo anthu ake adatentha Angonde ambiri amene adabisala m'mabango ku Kambwe. Mu Okutobala 1889 Harry Johnston adachita naye pangano la mtendere. Koma Mlozi sadaleke kugwira anthu, nkhondo nibukanso, mpaka iye adagwidwa nanyongedwa mu Disembala 1895. Pangano la anthu limakhala pamene onse awiri akulisunga. Mmodzi akalitaya, latha.

Makolo a dziko lino ankalemekeza Kyungu, amene mpando wake udali pa phiri la Mbande, ndipo ankakhulupirira kuti mvula, mbewu ndi mtendere wa dziko zimatsata moyo ndi thanzi la mfumuyo. M'menemo mudali chikhumbo chabwino, chofuna mfumu imene mphamvu zake sizitha. Koma mfumu iliyonse ya pansi pano, ngakhale yolungama chotani, imakalamba nimwalira.

2. Mulungu adadzimanga yekha

Chipangano cha Mulungu n'chosiyana ndi mapangano athu. Chigumula chitatha, Mulungu adalonjeza Nowa kuti sadzaononganso dziko ndi madzi, naika utawaleza m'mitambo ngati chizindikiro chake (Genesis 9). Adalonjezanso Abrahamu, nkhalamba yopanda mwana, kuti adzakhala kholo la mtundu waukulu.

Tamvani bwino zimene zidachitika pa tsiku la chipanganocho (Genesis 15). Abrahamu adadula pakati ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, naika zidutswazo kuno ndi uko. Mwambo wa masiku amenewo udali wakuti opangana adutse pakati pa nyamazo, ngati kulumbira kuti wophwanya pangano adulidwe chomwecho. Koma Abrahamu adagwidwa ndi tulo tofa nato, ndipo kutada, chimene chidadutsa pakatipo ndi ng'anjo yofuka utsi ndi muuni wa moto, zizindikiro za Mulungu mwini. Mulungu ndiye adasenza lumbirolo.

Pa phiri la Sinai Mose adawaza anthu magazi a chipangano, iwo nalonjeza kumvera (Eksodo 24). Sipadapite nthawi, anthuwo adadzipangira mwanawang'ombe wagolide namupembedza. Mulungu adawalanga ndithu, pakuti tchimo silisekereredwa; koma sadawataye, ndipo adachita nawonso chipangano (Eksodo 34).

3. Lonjezo kwa Davide

Zaka ngati 1000 Kristu asadabadwe, mfumu Davide adachita manyazi poona kuti iye akukhala m'nyumba ya mkungudza pamene Bokosi la Chipangano lili m'hema. Adafuna kumangira Mulungu nyumba. Koma Mulungu adatuma mneneri Natani kukamuuza kuti wommangira mnzake nyumba ndi Mulungu, osati Davide. Ndipo nyumbayo si yamiyala, koma banja lachifumu limene mpando wake sudzatha mpaka muyaya. Adaonjeza kuti mwana wa Davide akachimwa adzamkwapula monga achitira bambo, koma sadzamchotsera chikondi chake (2 Samueli 7).

4. Mpando wopanda mwini

Apa ndipo pagona phunziro lathu. Ana a Davide ambiri adapembedza mafano, ndipo cha m'ma 587 Kristu asadabadwe Nebukadinezara, mfumu ya ku Babiloni, adatentha Yerusalemu pamodzi ndi Nyumba ya Mulungu. Mfumu Zedekiya adamphera ana ake iye akuona, kenaka namkolowola maso, napita naye ku ukapolo ali m'maunyolo. Tangoganizani mtima wa Myuda wa nthawi imeneyo! Mlembi wa Salmo 89 sadabise madandaulo ake: adakumbutsa Mulungu lumbiro lake kwa Davide, namfunsa kumene chikondi chake chakale chidapita. Mwaona tsono kuti kudandaula kwa Mulungu m'pemphero si kusowa chikhulupiriro. Wosowa chikhulupiriro ndi amene waleka kupemphera.

Mulungu adasiya kamoto m'phulusa. Buku lachiwiri la Mafumu limatha ndi nkhani ya Yehoyakini, mdzukulu wa Davide, amene adamtulutsa m'ndende ku Babiloni m'chaka cha 37 cha ukapolo wake, nayamba kudya pa tebulo la mfumu. Mneneri Yeremiya adaphunzitsa kuti monga munthu sangathe kuletsa usana ndi usiku kubwera pa nthawi yake, chomwechonso chipangano cha Davide sichingaphwanyike (Yeremiya 33), ndipo adalosa chipangano chatsopano cholembedwa m'mitima (Yeremiya 31). Komabe padapita zaka zoposa 500 popanda mwana wa Davide wokhala pa mpando. Mibadwo yambiri idafa ikudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

5. Mfumu yosatha

Mateyo Woyera adayamba Mthenga wake ndi mndandanda wa maina umene ambiri amautopa nawo powerenga. Musaudumphe. M'menemo muli Abrahamu, Davide, ndi Yehoyakini wa m'ndende uja, amene Mateyo amamutcha Yekoniya, mpaka kufika pa Yosefe, mmisiri wa ku Nazareti. Banja lachifumu lidasauka, koma silidazime. Mngelo Gabriele adauza Maria Virigo kuti Mwana wake adzalandira mpando wa Davide, ndi kuti ufumu wake sudzatha (Luka 1).

Mfumu imeneyi sidamange linga, sidagwire akapolo. Pa Mgonero Wotsiriza Ambuye Yezu adatenga chikho, nanena kuti ndi magazi ake a chipangano chatsopano. M'mawa mwake adavala chisoti chaminga, Pilato nalemba pa mtanda kuti ndi Mfumu ya Ayuda. Ophwanya chipangano tidali ife, koma wolandira chilango chake adali Iye, monga zidaonekera kale pa usiku uja wa Abrahamu. Pa tsiku la Pentekoste Petro Woyera adauza Ayuda kuti Davide adamwalira ndipo manda ake alipo, koma Yezu Mulungu adamuukitsa, namkhazika ku dzanja lake lamanja (Ntchito za Atumwi 2). Nayo tsono mfumu imene mphamvu zake sizitha.

6. Nanga ife?

Papa Benedict XVI adakhazikitsa dayosizi ya Karonga mu 2010, Ambuye Martin Mtumbuka nakhala episkopi wake woyamba. Katedrale yathu ili ndi dzina la Yosefe Woyera Wantchito, mwana wa Davide amene sadaone mpando wachifumu, koma adalera Mfumu. Atiphunzitse zinthu zitatu.

Choyamba, Mulungu sadalonjeze kuti nyumba sizidzagwa. Ngakhale Nyumba yake ku Yerusalemu idagwa. Adalonjeza kuti sadzatisiya. Mkristu wothamangira kwa woombeza ula pa tsiku la tsoka akunena kuti Mulungu ndi wabodza.

Chachiwiri, inu amene mudaleka masakramenti zaka zambiri, musanene kuti zanu zidatha. Pa Ubatizo Mulungu adachita nanu chipangano, ndipo mbali yake ikadalipobe. Bwerani ku Sakramenti la Kulapa.

Chachitatu, ana a Mfumu yokhulupirika akhale okhulupirika: pa ukwati, pa ngongole, pa malire a munda, ndi pa mawu alionse amene apatsa mnzawo.

Mafunso a ophunzira

1. Kodi adadutsa pakati pa nyama za Abrahamu ndani, ndipo zimenezi zitiphunzitsa chiyani?
2. Mulungu adalonjeza chiyani kwa Davide?
3. Lonjezolo lidakwaniritsidwa bwanji, pamene mpando udakhala wopanda mwini zaka zoposa 500?
4. Ndi lonjezo liti limene ine ndiyenera kukonza sabata ino?

Tipemphere: Ambuye Yezu, Mwana wa Davide ndi Mfumu yathu, mutilimbitse mtima pa masiku a mdima, kuti tikhulupirire mawu anu ndi kusunga athu, mpaka tidzafike mu ufumu wanu wosatha. Amen.