Makalata a Omvera: Tikaonenji ku Durban?

Woulutsa: Yakwananso nthawi yoyankha makalata anu. Sabata yatha tinalengeza kuti tikamba za mzinda wathu uno wa Durban, ndiye makalata abwera mulu. Ndili ndi bambo amene ntchito yawo ndi kuperekeza alendo mumzinda muno. Bambo, takulandirani.

Katswiri: Zikomo achimwene. Moni kwa omvera onse.

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi ena a ku Mangochi. Akuti: "Mwana wanga wandiitana kuti ndikamuone ku Durban mu Disembala. Anzanga akundiuza kuti kumeneko n'kuchipululu, kuli mchenga wokhawokha, ngamira ndi nyumba zosanja zofika kumitambo. Ndinyamule chiyani, nanga ndikaona chiyani?"

Katswiri: Mayi, anzanuwo asokoneza mayina awiri ofanana kamvekedwe. Kuchipululu kuja ndi ku Dubai, kwa Aluya. Kuno ndi ku Durban, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean, ndipo eni ake Azulu amati eThekwini. Dziko lake ndi lobiriwira, la zitunda ndi minda ya nzimbe. Mukamadzafika mudzakumbuka ku Dwangwa kapena ku Nchalo.

Mu Disembala kumatentha, koma kutentha kwake n'kwachinyezi, thukuta silimauma pathupi, ndipo mvula imagwa. Nyamulani zovala zopepuka, ambulera ndi nsapato zoyendera bwino. Ngati mukubwera pabasi, mudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg, kenako pali makilomita ena pafupifupi 570 pa msewu wa N3. Mwana wanu asakukonzereni zoyendayenda tsiku lofikalo, miyendo idzakhala itatupa. Ndipo mudzayang'ane tsiku limene adzadinde mu pasipoti yanu pachipata. Mmalawi wobwera kudzacheza amaloledwa masiku osapitirira 30. Mukapitiriza, adzakuletsani kulowanso dziko lino kwa nthawi.

Ndikanakhala ine mwana wanu, ndikanakuitanani mu Juni kapena Julayi. Nthawi imeneyo ku Johannesburg kumazizira kolasa m'mafupa, pamene kuno dzuwa limawala bwino masana ndipo mvula imachepa. Koma poti mukubwera mu Disembala, dziwani kuti pa 16 ndi 26 Disembala, ndiponso pa 1 Januwale, kunyanja kumadzaza moti mchenga suoneka. Munthu wamkulu apiteko tsiku lapakati pa sabata, m'mamawa.

Woulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Nkhotakota amene amasoka zovala ku Clairwood. Akuoneka wokwiya. Akuti: "Ine ndine mwana wa msodzi, ndinayamba kusambira ndisanayambe sukulu. Koma ku North Beach anandiimbira wezulo n'kunditulutsa m'madzi pamaso pa anthu ngati mwana. Kodi si tsankho limeneli?"

Katswiri: Mphwanga, kalata yakoyi ndiikhalira pang'ono, chifukwa nkhani imeneyi imatimaliza ife a kunyanja. Amene amamira kawirikawiri si woopa madzi ayi. Ndi uja wodzikhulupirira.

Nyanja ya Malawi umaidziwa. Ukudziwa kuti Mwera ukayamba bwato silipita pakati. Koma nyanja yamchere ili ndi zake ziwiri zimene kwathu kulibe. Choyamba, imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, choncho pamene unaima madzi akulekeza m'mawondo m'mawa, masana pakhoza kukumiza. Chachiwiri ndicho choopsa. Mafunde akaswekera kumtunda, madzi onse aja amafuna pobwererera. Amasonkhana pamalo amodzi n'kupanga ngati mtsinje wothamanga wolowera kuya. Pamwamba pamaoneka bata, mafunde saswekapo kwenikweni, ndiye munthu amaganiza kuti apa ndiye pabwino. Ukalowapo umangoona gombe likutalikira. Wodziwa kusambira amayamba kulimbana nawo kuti abwerere kumtunda molunjika, mphamvu n'kumuthera.

Zikakuchitikira, usalimbane nawo. Yandama, kweza dzanja limodzi kuti opulumutsa anthu akuone, kapena sambira chopingasa motsata gombe mpaka utuluke mu mtsinjewo, chifukwa sukhala waukulu m'mbali.

Tsono anthu aja anakuimbira wezulo chifukwa unali kunja kwa mbendera. Tsiku lililonse amayang'ana nyanja n'kuzika mbendera zofiira ndi zachikasu pamalo pabwino, ndipo aliyense, mzungu, mmwenye kapena Mzulu, amasambira pakati pa mbenderazo. Funso lako la tsankho sindikulinyoza. Mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 magombe abwino a mzinda uno anali a azungu okha, zikwangwani zinalipo, ndipo akuluakulu a kuno akukumbukabe. Koma wezulo wa tsiku lijali anali wofuna kuti ubwerere ku Clairwood wamoyo.

Ndiwonjezere ziwiri. Kunyanja kuno kuli shaki, ndipo bungwe la KwaZulu-Natal Sharks Board limatchera maukonde kuteteza osambira. Mu Juni ndi Julayi, tinsomba ta sadini tikamakwera m'chigulu kuchokera kummwera, maukondewo amawachotsa m'malo ena n'kuletsa kusambira. Komanso chichitikireni madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400 n'kuwononga mapaipi a zonyansa, magombe ena amatsekedwa nthawi ndi nthawi madzi akaipa. Ukaona chikwangwani choletsa, mvera, makamaka mvula yamphamvu ikangogwa kumene. Mowa ndi mafunde sizigwirizana, ndipo usiku usalowemo.

Woulutsa: Nanga aja amatunga madzi a m'nyanja m'zigubu kupita nawo kumudzi?

Katswiri: Zigubuzo zimagulitsidwa pagombe pomwepo, ndipo za chikhulupiriro cha munthu ine sindilowerera. Ndingopempha kuti madziwo musamwe, musamwetsenso mwana kapena wodwala.

Woulutsa: Kalata yachitatu ndi ya mayi amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Overport. Akuti: "Ndakhala kuno zaka zisanu. Ndimapuma Lamulungu lokha, ndalama zambiri ndimatumiza kumudzi. Ana anga awiri amandifunsa za malo amene anzawo amakamba kusukulu, ine ndimangochita manyazi. Kodi pali poti munthu wosauka n'kupita?"

Katswiri: Chemwali, kalata yanu yandikhudza, chifukwa ndi ya ambiri a ife. Timatsuka mbale za mzinda uno, timasoka zovala zake, timalondera nyumba zake, koma tikabwerera kumudzi n'kufunsidwa kuti Durban ndi wotani, timangodziwa siteji ya matekisi ndi kuntchito. Zimenezi zimandiwawa. Malo ambiri abwino kuno salipiritsa.

Yambani ndi Durban Botanic Gardens, kumunsi kwa Berea, kufupi ndi bwalo la mpikisano wa akavalo la Greyville. Kuchokera ku Overport si kutali. Mundawu unayamba mu 1849, ndipo ndi wakale kuposa minda yonse yamtunduwu imene ilipobe mu Africa. Kulowa n'kwaulere. Phikani mpunga wanu kunyumba, tengani chitenje choyala pakapinga. Mukafika mufunse mtengo wotchedwa Wood's cycad, wooneka ngati kanjedza. Bambo wina woona za zomera, John Medley Wood, anaupeza m'nkhalango ya oNgoye mu 1895. Unali wamphongo, ndipo waukazi sunapezekepo mpaka lero, choncho sungabereke mbewu. Yonse imene ili padziko lapansi ndi mphukira zochokera ku tsinde lomwelo. Ana akamva zimenezi amakhala chete kuuyang'ana, ndipo Lolemba amakhala ndi chokamba kusukulu.

Lamulungu lina pitani kugombe la Golden Mile. Pali njira yotakata ya oyenda pansi yochokera kukamwa kwa doko mpaka ku Blue Lagoon, kumene mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja. Mudzaona anyamata oumba zithunzi ndi mchenga, osewera pamafunde ndi matabwa, ndi abambo okoka ngolo za rikisho atavala zipewa zazikulu za mikanda ndi nyanga, ntchito imene inayamba m'zaka za m'ma 1890. Mukafuna kuwajambula, gwirizanani kaye mtengo, ndi ntchito yawo. Chakumpoto kuli bwalo la Moses Mabhida, lija la uta woyera wotalika mamita 106, kumene Spain inagonjetsa Germany 1-0 mu ndime yachiwiri kwa yomaliza ya World Cup ya 2010. Koma ine chimene ndimakonda n'kuima kumapeto kwa njirayo ku Point, kuonerera sitima zikuluzikulu zonyamula makontena zikulowa padoko. Mwana wozolowera sitima ya Ilala amatsegula pakamwa.

uShaka Marine World, imene inatsegulidwa mu 2004, ndi yolipira, ndipo kwa banja la anthu atatu si ndalama yochepa. Ngati mungasunge pang'onopang'ono, ndi yoyenera kamodzi. Mumalowa mu chinyumba chomangidwa ngati sitima yakale yomira, n'kumaona shaki zikudutsa kuseri kwa galasi.

Njala ikakupwetekani, gulani bunny chow. Ndi buledi wobooledwa pakati n'kuthiramo kale wa nyemba, nkhuku kapena nkhosa. Mumangoti "kota", ndipo amadya ndi manja ngati nsima. Tsabola wake ndi waukali, ana muwalawitse kaye. Chakudyachi ndi cha Amwenye a kuno, amene makolo awo oyamba anafika mu 1860 pa sitima ya Truro kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Abale athu Achisilamu musadandaule, malo a halaal ndi ambiri, makamaka kuzungulira mzikiti waukulu wa Juma Masjid mu msewu wa Dr Yusuf Dadoo, umene ambiri amautchabe Grey Street. Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha Emmanuel Cathedral, msika wa zokometsera ndiwo wa Victoria Street, ndi misika ya Warwick kumene amagulitsa chilichonse, kuyambira mankhwala azitsamba mpaka mitu ya ng'ombe yophika.

Woulutsa: Aphunzitsi ena a mbiri yakale ku Zomba akubwera ku msonkhano, ndipo ali ndi tsiku limodzi lokha. Akufunsa kuti alione bwanji.

Katswiri: Aphunzitsi, m'mawa pitani ku KwaMuhle Museum. Nyumbayo inali ofesi imene munthu wakuda aliyense wofuna ntchito mumzinda muno ankaima pamzere kuti apimidwe ndi kupatsidwa chiphaso. Mudzaphunziramo za dongosolo lotchedwa Durban System: khonsolo inaletsa anthu kufulula mowa wamasese, n'kumagulitsa yokha m'mabala ake, ndipo phindu lake ndilo linkalipirira ulamuliro wopondereza omwawo. Amayi a ku Cato Manor anaukira zimenezi mu 1959.

Masana pitani ku Inanda, ndipo mupite ndi munthu wodziwa njira. Kuli Phoenix Settlement, mudzi umene Mahatma Gandhi anayambitsa mu 1904. Chapafupi pali sukulu ya Ohlange ya John Langalibalele Dube, mtsogoleri woyamba wa chipani chimene lero ndi ANC. Pa sukulu imeneyo ndi pamene Nelson Mandela anaponyera voti yake pa 27 Epulo 1994.

Ndipo ana anu a sukulu mukawauze kuti ife si alendo a dzulo kuno. Mzindawu unapatsidwa dzina la Sir Benjamin D'Urban mu 1835, chaka chomwecho chimene Zwangendaba ankaoloka Zambezi ndi Angoni ake, atachoka kumpoto kwa dera lomwe lino. N'chifukwa chake wa ku Mzimba akamva Chizulu amatolamo mawu. Clements Kadalie wa ku Chifira, ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, ndiye anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo nthambi ya kuno ku Durban, motsogozedwa ndi A.W.G. Champion, inali mwa zamphamvu kwambiri.

Woulutsa: Nthawi yatithera, koma pali kalata yaifupi ya bambo a ku Isipingo. Akuti chichitikireni zipolowe za 2015 sayendanso, amangochoka kuntchito n'kudzitsekera m'nyumba.

Katswiri: Bambo, mantha anuwo ali ndi chifukwa. Mu Epulo 2015 anthu anathawira m'misasa ku Isipingo komweko, ku Chatsworth ndi ku Phoenix, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Sindingakuuzeni kuti zonse zinatha. Yendani masana, muli awiri kapena atatu. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo, mapepala anu akhale nanu, ndipo mukamva kuti m'tauni muli zionetsero, tsiku limenelo khalani kunyumba. Phunzirani kupereka moni wa Chizulu kwa woyendetsa tekisi ndi kwa amayi a pamsika, zimafewetsa zambiri. Poyamba musapite kutali. Loweruka likubwerali itanani mnzanu mmodzi, mukwere tekisi yoyambirira, mukafike ku North Beach kusanache bwino. Dzuwa kuno limatulukira m'nyanja, monga limachitira ku Senga Bay.

Woulutsa: Omvera, makalata amene atsala, kuphatikizapo a mnyamata wofuna kuthamanga nawo mpikisano wa Comrades, tidzawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.