Zala Sizidikira Penshoni

Ndinayamba kukhwekhweza vayolini imvi zili mbuu, nditapuma kale ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya tiyi. Anabwera nayo ndi mphwanga kuchokera ku Joni, ndipo lero ndimaimba m'kagulu ka kutchalitchi kwathu kuno ku Bvumbwe: magitala, banjo, ineyo cha kumbuyo. Choncho ana anga, ndikati yambani tsopano, dziwani kuti akulankhula ndi mafupa angawa.

Munthu wamkulu amaphunzira ndithu, koma amalipira mtengo wokwera. Vayolini ili ndi zingwe zinayi, G, D, A ndi E, ndipo khosi lake n'losalala, lopanda tizitsulo tija ta pagitala tokuuzani poika chala. Mukaphonya pang'ono pokha, mawu apotoka. Kwa ife akulu, mutu umamva lero koma zala zidzamva mwezi wamawa. Onjezanipo phewa lowawa ndi chiperoni cha mu Juni, chimene chimaumitsa zala m'mawa. Choposa zonse ndi manyazi. Mwana akaphonya amaseka n'kubwereza. Mkulu akaphonya amayamba wasuzumira pazenera kuti aone ngati aneba amva.

Musandiuze zoti mulibe chida. Alan Namoko, wa konkuno ku Thyolo, anali wosaona, koma banjo yake ndi gulu la Chimvu River Jazz zinamveka dziko lonse pa wailesi ya MBC mpaka pamene anamwalira mu 1995. Mabanjo ambiri a m'midzi muno ankapangidwa ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga. Kaligo naye ndi mbale wake wa vayolini: chingwe chimodzi, kauta ndi utomoni, basi. Amene wazolowera kaligo, khutu lake laphunzira kale zimene ine ndikuvutika nazo. Taonaninso a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Anavinitsa anthu atapitirira zaka 90 chifukwa zala zinazolowera zingwe ali mnyamata.

Koma chachikulu ndi ichi: musaphunzire nokha. M'chipinda mwanu mudzadziona katswiri, chifukwa mukafika povuta mumachedwa, pophweka n'kuthamanga, ndipo palibe wokudzudzulani. Pagulu zimenezo sizitheka. M'magulu akuluakulu a orchestra, oimba zingwe ndiwo amachuluka: mavayolini oyamba, mavayolini achiwiri, viola, cello ndi double bass. Asanayambe, onse amachuna pa liwu limodzi la A. Okhala gawo limodzi amayendetsa mauta awo mbali imodzi, kukwera pamodzi, kutsika pamodzi, ngati othyola tiyi pamzere. Wongoyamba kumene kawirikawiri amamuika kumbuyo kwa mavayolini achiwiri, kumene saimba mutu wa nyimbo koma kuthandizira ena. Anyamata ambiri mpando umenewu amaunyoza, pofuna kumveka pamwamba. Ine ndimati ndiwo mpando wa sukulu. Pamenepo mumaphunzira kuwerenga mumtima nthawi imene simukuimba, kuti mulowe pa malo pake, ndiponso kutsitsa mawu anu mpaka mumve mnzanu wa pambali. Ngati mukudzimva nokha, ndiye kuti mwakweza kwambiri. Ana a ku Soweto amene gulu la Buskaid lakhala likuwaphunzitsa zingwe kuyambira mu 1997 amakulira m'njira yomweyi, yoimbira limodzi, ndipo afika poimba m'mayiko akunja.

Zina n'zazing'ono. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa Loweruka lathunthu. Chunani musanaimbe, pafoni pali mapulogalamu othandiza, koma khutu liyambe layesa lokha. Wengani zikhadabo za kumanzere. Mukamaliza masulani uta, pukutani utomoni pazingwe, ndipo chidacho musachitsamiritse pakhoma lachinyezi, poti mvula ya kuno imamatula guluu. Chingwe chikaduka simuchipeza pa msika wa Bvumbwe pakati pa tomato ndi kabichi, choncho wopita ku Limbe kapena ku Blantyre mutumeni cha padera.

Ife okalamba tipitiriza kukhwekhweza, ndipo wofuna kutiseka aseke. Koma inu musadikire penshoni. Loweruka likubwerali pitani kumene kwaya kapena bandi ya kwanuko imakonzekera, mukapemphe mpando wa kumbuyo.