MANKHUSU A PSYLLIUM PA VUTO LA KUDZIMBIDWA

Munthu timati wadzimbidwa ngati apita kucimbudzi kosakwana katatu pa sabata, kapena ngati cimbudzi cituluka couma ndi colimba mwakuti acita kucikakamiza. Vutoli tiliona kawirikawiri pa nkhalamba, pa azimai apakati amene akumwa mapiritsi oonjezera magazi, ndi pa anthu amene akonda nsima ya ufa woyera koma ndiwo zamasamba pang'ono.

Amodzi mwa mankhwala othandiza ndi mankhusu a njere za comera cochedwa psyllium, cimene cilimidwa kwambiri ku India. M'masitolo a mankhwala muwapeza ndi maina monga Fybogel kapena Metamucil, pamene amwenye awacha Isabgol.

Mankhusuwa sali ngati mankhwala otsegula m'mimba amene apotokola matumbo. Nchito yao ndi kumwa madzi. Akalowa m'matumbo amatupa ndi kuterera monga delele, ndipo cimbudzi cifewa ndi kuyenda mosavuta. Ndiye cifukwa cake madzi ndiwo mwini nkhani. Mukawamwa ndi madzi ocepa, amauma ndi kugwirana, ndipo angathe kutseka kummero kapena m'matumbo momwe. Pamenepo vuto lakula kuposa poyamba.

Kamwedwe kake nkotere. Munthu wamkulu athire paketi imodzi ya magalamu 3.5 m'kapu yodzaza madzi ozizira, osacepera mamililita 150. Takasani ndi kumwa nthawi yomweyo asanalimbe. Citani izi kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo mutatha kudya. Musawadye ouma, ndiponso musamwe pamene mukupita kukagona. Masana onse pitirizani kumwa madzi.

Musataye mtima ngati simunaone kusintha tsiku lomwelo, cifukwa ena zimawatengera masiku awiri kapena atatu. Masiku oyamba mimba idzaza mpweya, koma zimenezi zimatha. Amene mukumwa mankhwala ena, monga a shuga kapena a mtima, siyanitsani ndi ola limodzi kapena kuposerapo, pakuti mankhusuwa angacepetse kulowa kwa mankhwalawo m'thupi. Azimai apakati angathe kumwa. Mwana wosakwana zaka 6 musampatse popanda kufunsa ku cipatala, ndipo amene avutika kumeza asamwe konse.

Tsopano cenjezo lalikulu. Sikuti aliyense wosapita kucimbudzi wangodzimbidwa cabe. Kuno kwathu matenda a kupindika kwa matumbo si acilendo, makamaka pa amuna. Mimba itupa ngati ng'oma, ipweteka kwambiri, munthu asanza, ndipo ngakhale mpweya woipa suturuka. Wotereyu musampatse psyllium, mankhwala otsegula m'mimba, kapena acikuda. Thamangani naye ku cipatala tsiku lomwelo, cifukwa thumbo lopindika limafa ngati magazi safikako, ndipo ambiri afunika opaleshoni. Kucedwa kunyumba poyesa ici ndi ico ndiko kumatitayitsa anthu.

Bwerani msanga kudzapimidwa ngati muona magazi m'cimbudzi, ngati mukuonda popanda cifukwa, kapena ngati kudzimbidwa kwayamba mwadzidzidzi inu mutapitirira zaka 50. Citaninso cimodzimodzi ngati mwamwa mankhusuwa masiku atatu osaona kanthu.

Psyllium afuna ndalama, ndipo kwa ambiri ine ndikonda kuyamba ndi za kumunda: nsima ya mgaiwa, nyemba, mnkhwani, bonongwe, mapapaya, ndi mbatata yodya ndi makoko ake. Izi zikalephera kwa sabata kapena awiri, ndi pamene mungapite ku sitolo ya mankhwala.