PHUNZIRO LA ZAUMOYO: NTHENDA YA SHUGA NDI LAMULO LA KUSALA KUDYA

Zimachitika nthawi zina pa tsiku Lamulungu kuti mkhristu wachikulire, amene wayenda mtunda wautali m'mimba mulibe kanthu, ayamba kunjenjemera pakati pa Misa, thukuta lili kamukamu, nayankhula zosamveka, kenaka nagwa pansi. Pomwepo ena ati waledzera, ena ati agwidwa ndi mizimu, ndipo ena ati walodzedwa. Komatu mwina munthuyo adwala nthenda ya shuga: anamwa mankhwala ake m'mamawa, nasiya kudya poopa kulakwira lamulo la kusala asanalandire Ukaristia. Masupuni atatu a shuga akadaperekedwa msanga, iye sakadagwa. Chifukwa chake akhristu onse, makamaka akatekisiti amene atsogolera mapemphero kumidzi, ayenera kuidziwa bwino nthenda imeneyi, ndi kudziwanso chimene Eklezia aphunzitsa za odwala.

1. Shuga wa m'magazi ndi ntchito yake

Munthu aliyense, ngakhale wamoyo wabwino, ali ndi shuga m'magazi mwake. Shugayo sachokera ku tiyi kokha ayi. Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi buledi, zikagayika m'mimba, zisanduka shuga amene alowa m'magazi, ndipo magazi amnyamula kupita naye ku ziwalo zonse kuti zipeze mphamvu. Ubongo ndiwo sungathe kupirira ngakhale kanthawi kochepa popanda shuga ameneyu.

Kuseri kwa chifu kuli chiwalo chotchedwa kapamba. Dzina lomweli anthu atchulanso chiwalo china chija chimatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi, koma ziwirizi n'zosiyana. Kapamba wa kuseri kwa chifu apanga timadzi totchedwa insulini, ndipo ntchito ya insulini ndiyo kulowetsa shuga m'minofu kuchokera m'magazi. Ifanana ndi munthu wosenza matumba a chimanga kuchokera pamsewu kulowa nawo m'nyumba. Wosenzayo akasowa, matumba aunjikana pamsewu, pamene a m'nyumba akugona ndi njala. Momwemonso insulini ikasowa, kapena ikalephera ntchito yake, shuga achuluka m'magazi pamene thupi likufooka. Imeneyi ndiyo nthenda ya shuga.

Nthendayi si yachilendo. Asing'anga akale a ku India anaona kuti nyerere zimaunjikana pa mkodzo wa odwala ena, monga momwe anthu a kuno aonera mpaka lero. M'chaka cha 1889 akatswiri awiri, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering, anachotsa kapamba wa galu, ndipo galuyo anadwala shuga. Pamenepo gwero la nthenda linadziwika. M'chaka cha 1921, mu mzinda wa Toronto ku Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anapeza njira yotengera insulini ku kapamba wa nyama, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala woyamba kupulumutsidwa nayo. Chisanafike chaka chimenecho, mwana wodwala nthendayi sankakhalitsa ndi moyo.

2. Mitundu ya nthendayi

Mtundu woyamba ugwira makamaka ana ndi achinyamata. Kapamba aleka kupanga insulini, mwana aonda msanga ngakhale akudya, ndipo moyo wake udalira jakisoni wa insulini tsiku ndi tsiku. Sichifukwa chakuti mwanayo anadya zotsekemera zambiri, ndipo makolo ake alibe mlandu.

Mtundu wachiwiri ndiwo wofala, pakuti mwa odwala shuga 10 alionse, oposa 9 ali ndi umenewu. Insulini ikhalapo, koma thupi siliimvera bwino, ndipo m'kupita kwa zaka kapamba atopa. Ubwera pang'onopang'ono, makamaka kwa achikulire, kwa onenepa pamimba, kwa amene sagwiritsa ntchito thupi lawo, ndi kwa amene makolo kapena abale awo anadwalapo nthendayi. Koma munthu woonda wa kumudzi angathenso kuutenga.

Mtundu wachitatu uoneka mwa amayi oyembekezera. Kawirikawiri utha mayi akachira, koma mwana angabadwe wamkulu kwambiri, woposa makilogalamu 4, ndipo mayiyo ayenera kumapimitsa m'zaka zotsatira, poti angadzadwale mtundu wachiwiri uja.

Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti odwala shuga pa dziko lonse anali 108 miliyoni m'chaka cha 1980, ndipo pofika 2014 anali 422 miliyoni. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa chaka cha 2009 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi nthendayi. Motero pa tchalitchi pamene pasonkhana akuluakulu mazana awiri, odwala shuga sangasowe, ndipo ena mwa iwo sadziwa kuti akudwala.

3. Zizindikiro ndi kupimitsa

Zizindikiro zake ndi izi: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, njala yambiri, kuonda popanda chifukwa, kufooka, kuona mwachimbuuzi, zilonda zochedwa kupola, dzanzi kapena kutentha kumapazi, ndi kuyabwa kumalo obisika. Komabe munthu angakhale ndi mtundu wachiwiri zaka zambiri osamva kanthu, anzake namamyamikira kuti wanenepa, zinthu zikumuyendera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yodziwira zoona ndi imodzi yokha, ndiyo kupimitsa magazi kuchipatala. Alasa chala natenga kadontho, ndipo yankho lituluka nthawi yomweyo. Munthu akapimidwa m'mawa asanadye kanthu, shuga wake n'kufika pa 7.0 pa muyeso wa mmol/L, ndiye kuti 126 pa muyeso wa mg/dL, kapena kupitirira apo, adokotala amuuza kuti abwerenso tsiku lina. Zikapezekanso chimodzimodzi, ndiye kuti ali ndi nthendayi. Amene shuga wake ali pakati pa 6.1 ndi 6.9 sanadwale, koma ali pakhomo pa nthenda, ndipo angabwerere ngati asintha kadyedwe, nachepetsa thupi.

4. Zimene nthendayi iwononga

Shuga wochuluka akakhala m'magazi zaka zambiri awononga mitsempha mwakachetechete, monga chiswe chidyera nsichi za nyumba. Maso achita khungu, impso zifooka, mtima udwala, ndipo ena afa ziwalo. Mapazi aleka kumva kuwawa, kotero kuti munthu aponda minga kapena khala lamoto osadziwa; kachilonda kakang'ono kakula, kanyeka, mpaka mwendo udulidwa. Wodwala shuga agwidwanso msanga ndi chifuwa chachikulu.

Zonsezi zingapewedwe kapena kuchedwetsedwa. Nthendayi sichizika n'kutheratu, koma munthu woisamala akhala zaka zambiri, nalima, nalera ana ake. Tsono mkhristu achenjere ndi aliyense womuuza kuti ataye mankhwala chifukwa wapemphereredwa kapena wamwa mizu ya mitengo. Pemphero ndi mankhwala siziombana, pakuti nzeru za madokotala zichokera kwa Mulungu yemweyo.

5. Kukhala nayo tsiku ndi tsiku

Wodwala shuga saletsedwa kudya nsima, koma achepetse mitanda, nasankhe mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Ndiwo zikhale zambiri: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, therere, pamodzi ndi nyemba, nandolo, khobwe, usipa kapena mazira. Aleke shuga wa m'tiyi ndi m'phala, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, thobwa wothira shuga ndi nzimbe. Achepetse mandasi, mafuta ndi mchere. Fodya aleke, ndipo mowa auope, makamaka womwa m'mimba mulibe kanthu. Adye pa nthawi yake osadumphitsa. Ayende ndawala kapena agwire ntchito yotulutsa thukuta mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata. Madzulo alionse asambe mapazi, awapukute pakati pa zala, awayang'ane ngati pali bala, ndipo asayende wopanda nsapato.

Mankhwala odziwika m'zipatala za kuno ndi mapiritsi a metformin ndi glibenclamide, ndi jakisoni wa insulini. Insulini iwonongeka ndi kutentha. Kumene kulibe firiji, botolo lake lisungidwe pamalo ozizira, monga mu mtsuko wadothi wa madzi woikidwa pamthunzi, litakulungidwa bwino kuti madzi asalowe.

6. Shuga akatsika kwambiri

Anthu ambiri aopa shuga wokwera, naiwala kuti shuga wotsika apha msanga koposa. Zichitika kwa obaya insulini ndi akumwa glibenclamide, pamene amwa mankhwala koma osadya, kapena ayenda ulendo wautali, kapena amwa mowa. Shuga akatsika kupitirira 3.9 mmol/L, ndiye kuti 70 mg/dL, munthu anjenjemera, atuluka thukuta lozizira, amva njala ndi chizungulire, mtima uthamanga, asokonezeka mutu kapena akwiya popanda chifukwa. Akapanda kuthandizidwa akomoka.

Ngati akadali maso ndipo angathe kumeza, apatsidwe masupuni ang'ono atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi, kapena uchi, kapena theka la botolo la zakumwa zotsekemera. Patapita mphindi 15, ngati sanapeze bwino, apatsidwenso; akatsitsimuka adye chakudya chenicheni monga nsima, mbatata kapena buledi. Koma ngati wakomoka, wina asayese kumuthira madzi kapena chakudya m'kamwa, kuopa kuti angatsamwe. Amgoneke chammbali, namtengere kuchipatala msanga, nauze achipatala kuti munthuyo adwala shuga. Wodwala amene akusanza, akupuma mozama ndi mofulumira, ndipo ali ndi ludzu loopsa, shuga wake angakhale wakwera kwambiri. Iyenso asagone pakhomo.

7. Chimene Eklezia aphunzitsa

Akhristu achikulire akumbukira nthawi imene wolandira Ukaristia ankasala kuyambira pakati pa usiku, osalawa ngakhale madzi. Lamulo limenelo linasintha kale. Papa Pius XII analoleza madzi m'chaka cha 1953, ndipo mu 1957 anachepetsa kusala chakudya kukhala maola atatu. Papa Paul VI, m'chaka cha 1964, anakuchepetsanso kukhala ola limodzi. Malamulo a Eklezia a chaka cha 1983, pa nambala 919, asunga ola limodzi lomwelo asanalandire, ndipo madzi ndi mankhwala saziwerengera. Lamulo lomwelo lilola okalamba, odwala ndi owasamalira kulandira Ukaristia ngakhale atadya kanthu m'ola limenelo.

Kusala kwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera kukhudza akhristu a zaka 18 mpaka atakwanitsa zaka 59, ndipo odwala amene kusala kungawapweteke samangidwa nako. Choncho wodwala shuga amene adya phala lake m'mawa asanapite ku Misa, kapena adya katatu pa Lachisanu Loyera, sachimwa konse. Lamulo lachisanu la Mulungu, loletsa kupha, lilamulanso munthu kusamala moyo wa iye mwini. Nsembe ya wodwala ilipo kale: kukana zotsekemera pa ukwati, kupirira jakisoni, kumvera adokotala chaka ndi chaka. Angathe kupereka zimenezi kwa Mulungu m'nyengo ya Lenti, naonjezapo pemphero ndi ntchito zachifundo. Amene mtima ukumukayikitsa afunse bambo mfumu wake.

8. Ntchito ya akatekisiti

Katekisiti si dokotala, ndipo asasinthe mankhwala a munthu. Koma angathe kudziwa mwaulemu akhristu ake odwala shuga, osaulutsa matenda awo pa gulu. Kusunga shuga pang'ono, supuni ndi kapu pa tchalitchi. Kulengeza Lenti isanayambe kuti odwala samangidwa ndi kusala. Ndi kukumbukira pa maulendo a kumalo oyera, pa Njira ya Mtanda ndi pa maliro, kuti ena sangapirire njala. Poyendera odwala, afunse ngati mankhwala alipo, ngati tsiku la kuchipatala likusungidwa, ndiponso ngati m'nyumba muli chakudya, pakuti m'miyezi ya njala mankhwala opanda chakudya asanduka choopsa. A m'mphakati angathandizane pa ufa ndi ndalama zoyendera. Tsiku la 14 Novembala, limene dziko lonse likumbukira nthenda ya shuga chifukwa ndilo tsiku lobadwa la Banting, ndi nthawi yabwino yopempha azaumoyo kuti adzapime akhristu pa parishi.

Mafunso okambirana

1. Kodi insulini ipangidwa kuti, ndipo ntchito yake n'chiyani?
2. Tchulani zizindikiro zisanu za nthenda ya shuga.
3. Munthu wodwala shuga akayamba kunjenjemera m'tchalitchi, achitiridwe chiyani ali maso? Nanga akakomoka?
4. Kodi wodwala amene wadya m'mawa angalandire Ukaristia? Lamulo la Eklezia likuti chiyani?
5. Mwa akhristu a zaka zoposa 40 a m'mphakati uno, ndi angati anapimitsapo magazi awo?