Phunziro 17: Galu wa Pakhomo ndi Matenda a Chiwewe

Anzanga a m'koperativa, m'maphunziro apitawa tinawerenga za mbuzi, za nkhuku ndi za nkhokwe. Lero tiwerenga za galu. Ena mwayamba kale kuseka. Mukuti, "Kodi galu naye nchiweto?" Inde, nchiweto. Sitidya nyama yake, komanso sitipita naye ku msika. Koma ndani amalondera khola la mbuzi fisi akabwera usiku? Ndani amathamangitsa anyani ndi nguluwe ku munda wa chimanga? Bambo akapita kokapha nsomba ku nyanja ya Chiuta kapena ku Chilwa, ndani amatsala pakhomo pamodzi ndi mayi ndi ana? Ndi galu. Amagwira ntchito usana ndi usiku, koma malipiro ake ndi mkute wa dzana ndi mwala wa kumsana.

Galu amagona pafupi ndi ife. Amanyambita mbale, amasewera ndi ana. Tsono akadwala, matenda ake sathera pa iye yekha. Ena amalowa m'khola, ena amalowa m'nyumba. Oopsa kuposa onse ndi chiwewe.

Chiwewe nchiyani?

Chiwewe si ufiti, si njala, ndiponso sichibwera chifukwa cha kutentha kwa dzuwa. Chimayamba ndi kachilombo kakang'ono kwambiri kosaoneka ndi maso. Kachilomboka kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Galu wachiwewe akaluma galu mnzake, mbuzi, ng'ombe kapena munthu, malovu aja amalowa pa bala. Angalowenso galu akanyambita chilonda chimene munali nacho kale.

Kachilomboka sikathamanga. Kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha, ulendo wa ku ubongo. Kawirikawiri pamapita miyezi 2 kapena 3 munthu asanadwale. Nthawi zina ndi sabata imodzi yokha, nthawi zina mpaka chaka. Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Bala limapola, mwana ayambanso kusewera, tonse tiiwala. Koma m'kati ulendo uja ukupitirira. Bala likakhala kumaso, m'khosi kapena ku zala, matenda amafika msanga.

Kachilombo kakafika ku ubongo, munthu amatentha thupi, amasokonezeka, amaopa madzi ngakhale ali ndi ludzu. Zikafika apo palibe mankhwala, kaya ku Cuamba, ku Lichinga kapena ku Maputo. Munthuyo amamwalira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 ndi ana osafika zaka 15. Mwana ndi wamfupi, galu amamluma kumaso. Ndiponso mwana amabisa bala poopa kukalipidwa. Amayi ndi abambo, mwana akanena kuti galu wamluma, musayambe ndi kumkalipira. Mawa sadzanenanso.

Kodi galu wachiwewe timamdziwa bwanji? Khalidwe lake limasintha. Galu wofatsa ayamba ukali, aluma mitengo, miyala, ngakhale mbuye wake. Amayenda mtunda wautali osadziwa kumene akupita. Mawu ake amasasa, dovu lili chuchuchu. Koma alipo wina amene sachita ukali konse. Amangogona pa mthunzi, kukamwa kuli yasa, ngati watsamwa ndi fupa. Uyu ndiye amapusitsa anthu achifundo. Musapise dzanja m'kamwa mwake kuti muchotse fupalo. Ng'ombe yachiwewe nayo imaoneka ngati yatsamwa, imalira kosalekeza ndi kutuluka dovu. Musaipise dzanja, musaiphe kuti mugawane nyama. Nkhandwe ikalowa m'mudzi masana osaopa anthu, ithaweni, ndipo itanani ana alowe m'nyumba.

Galu akakulumani

Choyamba si kuthamangitsa galu. Choyamba ndi madzi ndi sopo. Tsukani bala ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15. Mphindi 15 nzambiri, anzanga. Wina azithira madzi, wina azitsuka, ndowa ikatha mutunge ina. Sopo aliyense amagwira ntchito, ngakhale wochapira zovala. Sopo amawononga kachilombo kasanalowe m'kati. Ngati sopo palibe, tsukanibe ndi madzi okha.

Ena amatentha ubweya wa galu woluma uja napaka phulusa lake pa bala. Ena amathira tsabola, dothi kapena mafuta a galimoto. Izi sizipha kachilombo, zimangoipitsa bala. Musamangenso bala molimba ndi nsanza.

Mukatsuka, pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti mugulitse mpunga kaye. Kumeneko mukanene zonse: galu wa yani, waluma liti, anali bwanji. Alipo katemera wa anthu olumidwa, ndipo amagwira ntchito bwino ngati munthu wayamba msanga, asanadwale. Jakisoni wake si mmodzi. Adzakulemberani masiku obwereranso pa khadi. Apa ndi pamene kuwerenga kwathu kutithandize: werengani masikuwo nokha, ndipo musadumphe ngakhale limodzi, ngakhale bala litapola. Ngati tsiku limenelo katemera palibe pa chipatala chimene mwafika, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu ku Cuamba. Ulendowo ngwodula, inde. Koma ndi nkhani yoti koperativa ingathe kukambirana, kuti m'thumba lathu muzikhala kandalama kobwereka munthu wolumidwa.

Nanga galu uja? Ngati ndi wa pakhomo ndipo akuoneka wabwinobwino, musamuphe. Mmangeni pa malo pake masiku 10, muzimpatsa chakudya ndi madzi, ana asamyandikire. Galu amene anali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa m'masiku 10 amenewo. Koma wolumidwa asakhale pakhomo kudikira masikuwo. Iye ayambe katemera, ndipo a chipatala ndiwo anene zoti apitirize kapena aleke. Galu akafa kapena akaphedwa, musamgwire ndi manja opanda kanthu. Kauzeni a zoweta ku ofesi ya boma yoona za ulimi kuno ku Insaca, imene m'Chipwitikizi amaitchula mwachidule kuti SDAE. Iwo angafune mutu wake kuti akaupime. Thupi mulikwirire dzenje lakuya, agalu ena angafukule.

Katemera wa agalu

Kuthamangira ku chipatala nkuzima moto nyumba itayaka kale. Njira yotchipa ndi kubayitsa agalu. Galu wobayidwa satenga chiwewe, tsono sangapatsire mwana wanu.

Katemera wa chiwewe si wa dzulo. Pa 6 Julayi 1885, ku Paris m'dziko la France, mnyamata wa zaka 9, dzina lake Joseph Meister, anayamba kulandira katemera amene anapanga Louis Pasteur. Mnyamatayo anali atalumidwa kwambiri ndi galu wachiwewe. Sanadwale, anakula nakhala bambo. Pasteur anamwalira pa 28 Sepitembala 1895, ndipo maiko amakumbukira za kulimbana ndi chiwewe pa 28 Sepitembala chaka chilichonse. Mukamva pa wailesi kapena kwa mfumu kuti obaya agalu akubwera, dziwani kuti nkhani yake ndi imeneyi.

Mwana wa galu akakwana miyezi 3, abayidwe. Obaya akabwera m'mudzi, tengani ndi tiana tomwe, iwo akaone okha. Kenaka galu azibayidwa chaka ndi chaka.

Ndimamva alenje ena akunena kuti galu wobayidwa amafooka, sathanso kugwira kalulu, sauwanso usiku. Zimenezo nzabodza. Galu angagone tsiku limodzi ngati mmene amachitira mwana akabwera ku sikelo, basi. Chimene chimafooketsa galu ndi njala ndi njoka za m'mimba. Mlenje amene amabisa galu wake ku dimba tsiku la katemera akubisa moto m'thumba. Galu wa mlenje ndiye amakumana ndi nkhandwe kuthengo.

Tsono mvetsani bwino apa, pakuti ndi pamene pali ntchito ya koperativa. Kubayitsa galu mmodzi kumateteza khomo limodzi. Koma kuti chiwewe chithe m'dera, pafunika kubaya agalu 7 mwa agalu 10 alionse. Zikatero, galu wachiwewe akalowa m'mudzi amapeza agalu ambiri ndi otetezedwa. Amafa yekha, matenda nathera pomwepo. Agalu obayidwa akachepa, matenda amalumpha kuchoka pa galu uyu kupita pa uyo, ngati moto wa lupsa mu Okutobala. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga bwanji chaka ndi chaka? Agalu athu sakhalitsa. Ambiri amafa akali aang'ono, ndipo galu wamkazi amakhala ndi bere miyezi 2 yokha, nkuswa ana 5 kapena 6. Pofika chaka chamawa, mudzi wadzaza ndi agalu atsopano osabayidwa.

Kuti zimenezi nzotheka, anansi athu a ku Malawi anaonetsa. Mu 2015, mu mzinda wa Blantyre, bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi a boma anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20. Ife kuno tili m'malire. Munthu amaonetsa mapepala pa Entre Lagos ndi pa Nayuchi, koma galu alibe chiphaso, amangodutsa m'dambo. Chiwewe cha tsidya lija nchathu, chathu nchawonso.

Katemera amafuna kuzizira. Obaya amamnyamula m'bokosi la madzi oundana, ndipo sangayende khomo ndi khomo dzuwa lonse kusaka agalu othawa. Tiwathandize. Mlembi wa koperativa alembe maina a eni agalu ndi chiwerengero cha agalu awo tsiku lisanafike. Agalu azolowere chingwe kukali masiku, chifukwa galu amene sanamangidwepo amavuta pa mzere. Tisonkhane malo amodzi m'mawa. Wamkulu agwire galu wolusa, osati kutuma kamwana. Akakupatsani kapepala ka katemera, kasungeni pamodzi ndi makadi a ana a ku sikelo. Tsiku limene galu wanu adzaluma mwana wa mnansi, kapepalako kadzakuyankhulirani pa bwalo.

Matenda a masiku onse

Njoka za m'mimba ndizo zimapha tiana ta agalu tambiri. Kagalu kamatupa mimba, nthiti zili pamtunda, ubweya uli nyankhalala. Mankhwala ake alipo kwa a zoweta. Galu wamkulu amwe miyezi 3 iliyonse, tiana tiyambe tikakwana masabata 2. Mazira a njokazi amatuluka ndi chimbudzi cha galu, ndipo mwana wokwawa amadya dothi lomwelo. Kwirirani chimbudzi cha galu, ndipo ana asambe m'manja asanadye.

Pali njoka ina imene alimi a mbuzi ayenera kuidziwa. Munaonapo mbuzi ikuzungulirazungulira malo amodzi, mutu uli chopendekera, mpaka kufa? Mukaswa mutu wake mumapeza kathumba ka madzi mu ubongo. Mukaponyera galu mutu umenewo wosaphika, kathumbako kamasanduka njoka yaitali m'matumbo mwake. Galu achita chimbudzi pa msipu, mbuzi zina zidya udzuwo, nazonso ziyamba kuzungulira. Mwataya mbuzi imodzi, mwagulanso imfa ya zina ndi dzanja lanu. Mutu wotere utenthedwe kapena ukwiriridwe. Chiwindi, mapapo ndi matumbo okhala ndi timatumba ta madzi, chimodzimodzi. Zam'kati zabwino muziphika musanapatse galu.

Nkhupakupa zimachuluka nthawi ya dzinja. Yang'anani m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Igwireni pafupi ndi khungu, muikoke pang'onopang'ono, muiponye pa moto. Zimabweretsa matenda otha magazi. Galu akaleka kudya, kwezani mlomo wake muone usinini. Ukakhala woyera m'malo mofiira, ndipo mkodzo uli wakuda ngati tiyi, thamangani kwa a zoweta. Jakisoni wake alipo, koma safuna kuchedwa.

Utitiri, matekenya ndi mphutsi za pakhungu zimaswana m'fumbi ndi m'dothi lonyowa pamene galu amagona. Sesani pamenepo, tenthani zinyalala, muyalepo thumba louma. Galu wa mphere, wosupuka ubweya, ali ndi mankhwala akenso. Musampake oilo wakuda wa injini. Musamsambitse ndi mankhwala a thonje kapena a fodya, chifukwa amalowa pakhungu, galu nkuyamba kunjenjemera mpaka kufa, ndipo wosambitsayo naye amadwala. Dibi wa ng'ombe asungunulidwe monga mwanenera mlangizi, osati mwa kuyerekeza ndi maso. Mapiritsi athu a mutu ndi a kuphwanya kwa thupi si a galu ayi. Amamuwononga chiwindi, impso ndi m'mimba.

Za chakudya sindichulutsa. Nsima yokha sikwanira. Phikani gaga pamodzi ndi zinyenyeswa za matemba, msuzi wotsala kapena nyemba. Minga za mlamba ndi mafupa a nkhuku ophika zimabaya pakhosi. Madzi akumwa akhale m'phale pa mthunzi tsiku lonse, makamaka kwa galu woyamwitsa. Galu wokhuta sayendayenda, saba mazira, ndipo sakumana ndi agalu achilendo ku dzala la msika. Ngati simungathe kudyetsa agalu 4, sungani mmodzi. Walira mvula walira matope.

Ntchito yolemba

Tsegulani makope anu. Lembani mawu awa katatu: galu, chiwewe, katemera, sopo, nkhupakupa.

Pa tsamba lina lembani dzina la galu wanu, ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndi mwezi ndi chaka chimene anabayidwa komaliza. Ngati sanabayidwepo, lembani kuti "sanabayidwe".

Tsopano masamu. M'mudzi wina muli agalu 40. Pafunika kubaya agalu 7 mwa 10 alionse. Kodi agalu ofunika kubayidwa ndi angati? Chaka chatha anabaya 19. Anatsala angati kuti chiwerengero chikwane?

Sabata yamawa aliyense abwere ndi chiwerengero cha agalu a pakhomo pake ndi a makomo awiri oyandikana naye. Muwerenge ndi tiana tomwe. Tidzaphatikiza pa bolodi, ndipo mlembi adzapita nacho chiwerengerocho ku ofesi ya zoweta.