Musamakanikize cholembera: malangizo kwa olemba m'makope pakhomo ndi m'magulu

Kope lililonse, kaya ndi lolembamo feteleza ndi zokolola, kaya la banki mkhonde, kaya la mwana wa sukulu, timalemba kuti lidzawerengedwe mawa. Koma makope ambiri amene ndimawaona m'midzi, pakatha miyezi ingapo ngakhale eni ake amawayang'ana n'kugwira pakamwa.

Gwero lake ndi limodzi: kukanikiza cholembera. Munthu amachifinya ngati mpini wa khasu, zala zili kunsonga kwenikweni, n'kumakumba nacho pepala. Tembenuzani tsamba limene mwalemba dzulo, mulisisite ndi chala kuseri. Ngati mukumva zilembo zitatukuka, vutoli muli nalo. Tsamba lotsatira nalo limakhala ladindika kale musanalembepo.

Ndikafunsa, amayi ndi abambo ambiri amati akufuna inki ioneke bwino. Ayi ndithu. Kunsonga kwa bolopeni kuli kampira kachitsulo, ndipo inki imatuluka kampirako kakamagudubuzika. Mphamvu zanu sizithandiza kanthu. Ikamadumphadumpha ndiye kuti yatha kapena yauma, gulani ina. Pensulo nayo, ya HB ndi yapakatikati. Mukafuna yolemba zakuda bii, funsani ya 2B, osati kuthyola nsonga tsiku ndi tsiku n'kumasongola mpaka kutsala kachidutswa.

Dzanja lofinya limatopa tsamba lisanafike pakati. Likatopa, zilembo zimapendekeka, 1 amaoneka ngati 7, 6 amasanduka 0, ndipo pa K5,000 ziro mmodzi amabisala mwa mnzake. Tsiku logawana masheya likafika, mlembi wosalakwa amatchedwa wakuba, gulu n'kupasuka, chikhalirecho ndalama zonse zilipo. Kodi tidzasiya liti chizolowezi chimenechi?

Gwirani cholembera ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala, chitsamire pa chala chapakati. Pakati pa zala ndi nsonga pakhale mpata wa masentimita awiri. Yang'anani chikhadabo: chikayera, mwafinya. Uzani mnzanu asolole cholemberacho mukulemba. Chikakana kutuluka, masulani dzanja. Masiku oyamba mudzaona ngati chikupulumuka, koma musabwerere zakale.

Musalembere pa bondo kapena pa mkeka. Ngati tebulo palibe, ikani kope pa thabwa losalala, mulipendeketse pang'ono, dzanja linalo ligwire tsamba. Lembani kukuwala. Za kutsata mizere, zimenezo mukuzidziwa kale.

Makolo, mwana wamanzere musiyeni alembe ndi manzere. Kumumenya zala kumangomuchititsa mantha, ndipo mwana wamantha ndiye amafinya cholembera koposa. Ingomupendeketserani kope mbali inayo kuti dzanja lisamafute zimene walemba.

M'kope la ndalama mukalakwitsa, dulani kamzere kamodzi, nambala yolakwikayo izionekabe, mulembe yolondola pambali pake n'kusainapo. Osadinda nambala pamwamba pa inzake, osafufuta ndi malovu.

Alembi a magulu, pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu mupite ndi makope anu ndi zolembera zanu, mukayesere limodzi musanayambe kuponya masheya.