Ulendo Wautali ndi Swaumu



Inu a kunyanja kuno mukuudziwa ulendo. Makolo ambiri a kuno ku Nkhata Bay anapita ku Halale ndi ku Joni wapansi, kugona m'thengo, kumwa madzi a m'zithaphwi. Pobwera sanali monga anachokera, pakuti njira inali itawasula. Ramadhan nawonso ndi ulendo, wa masiku 29 kapena 30, ndipo uphunzitsa zomwezo.

Choyamba ndi sabri, ndiko kupirira. M'chaka cha 622 Mtumiki Muhammad (S.A.W.) anachoka ku Makka pamodzi ndi Abu Bakr (R.A.). Anabisala m'phanga la Thaur masiku atatu adani akuwafuna, kenaka anadutsa chipululu makilomita oposa 400 kufika ku Madina. Inu ludzu likakugwirani nthawi ya Asr, kumbukirani ulendo umenewo, ndipo musakalipire ana.

Chachiwiri ndi kukonzekera. Ku nsonga ya kumwera kwa dziko lapansi, ku Antarctica, kuli madzi oundana okhaokha. Roald Amundsen wa ku Norway anayamba waika nkhokwe za chakudya m'njira, natenga agalu ozolowera chisanu. Anafika pa South Pole pa 14 December 1911, nabwerako ndi anthu ake onse. Robert Scott wa ku Britain anafika pa 17 January 1912, koma iye ndi anzake anayi anafa pobwerera. Atatu omaliza anafera m'hema, nkhokwe yaikulu ya chakudya ili pafupifupi makilomita 18 patsogolo. Mtima wolimba anali nawo, koma njala ndi chisanu zinawaposa. Choncho m'bale wanga, chitani niya usiku uliwonse, ndipo daku musamunyozere. Kunena kuti "ine ndine wamphamvu, sindidzuka" sikupembedza ai. Daku ndi sunna, ndiye kamba wa tsikulo.

Chachitatu, ulendo uulula mtima. Pa ulendo wa ku Tabuk m'chaka cha 630 kunali kotentha zedi. Ena anapereka zifukwa nakhalira, koma okhulupirira anasinthana ngamira imodzi ndi kugawana tende. Nanga inu pofutulu, mwaona ngati kwa mnansi kwafuka utsi?

Tsopano malamulo a wapaulendo. Mu Surat Al-Baqarah, aya 184 ndi 185, Allah walola wodwala ndi wapaulendo kumasula, n'kudzabweza masikuwo pambuyo pake. Mu mazihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife titsata, ulendowo ukhale wa makilomita pafupifupi 80, usakhale wokachita machimo, ndipo munthu akhale atatuluka m'tauni Fajr isanakwane. Wopita ku Mzuzu asamasule, mtundawo sukwana. Wokwera Ilala kupita ku Monkey Bay aloledwa. Msodzi wa usipa amene apalasa usiku nabwera m'mawa sali paulendo wotere, amange basi. Ngati wapaulendo sakuvutika, kumanga ndiko kwabwino koposa. Koma ukafika poononga thupi, kumasula ndiko koyenera. Masiku otsalawo alembeni, muwabweze Ramadhan wina asanafike.

Ganiziraninso abale athu a ku Tromsø, kumpoto kwa Norway, kumene dzuwa sililowa kuyambira kumapeto kwa May mpaka cha mu July. Mu 2015 Ramadhan yense anagwa m'nyengo imeneyo. Iwo sanasiye swaumu, koma mzikiti wao unatsata nthawi za ku Makka, namasula dzuwa likuwalabe. Ife kuno Allah watipeputsira: maola 13 kapena 14, dzuwa lalowa kuseri kwa mapiri. Tidzanena chiyani pa Tsiku la Kiyama?

Allah atipatse sabri, alandire swaumu yathu, asunge onse ali panyanja ndi pamsewu, natifikitse pa Idi tili anthu osinthika. Aamin.